AMAI A M'TAUNI M'ZITHUNZI ZA AMISIRI

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja



Munthu amene alawira m'bandakuca kupita ku nchito, kaya ndi ku Nkana, kaya ku Mufulira, kaya m'mafakitale a mu Lusaka, sayenda yekha pa mseu. Asanafike pokwerera basi wakomana kale ndi amai osenza mabeseni a matimati, ena ali kukoka matumba a makala, ena ali kukoleza mbaula kuti akazinge zitumbuwa. Pamene dzuwa lituruka, misika ya Chisokone ku Kitwe, Masala ku Ndola ndi Soweto ku Lusaka yadzaza kale, ndipo ambiri mwa iwo okhala kuseri kwa miulu ya ndiwo ndi akazi. Munthu wa nchito amawaona tsiku ndi tsiku, kotero kuti maso ace anazolowera, ndipo saimanso kuti awapenye.

Koma alipo anthu ena amene nchito yao ndiyo kuima ndi kupenya. Awa ndiwo amisiri ojambula zithunzi ndi utoto pa nsaru. Nkhani ya lero ndi ya iwowa. Kodi akaona mkazi pa msika, pa mseu, pokwerera basi kapena pa khomo la nyumba ya mowa, amamuika bwanji pa nsaru yao? Wina angati funso ili ndi la anthu okhuta, osowa cocita. Komatu mkazi wojambulidwayo ali ndi abale. Ndi amai a munthu, ndi mkazi wa munthu, kapena ndi mlongo wa iye amene ali kumvera tsopano lino. Zithunzi zimapita kutali kumene mwini wace sadzapondako. Zimapacikidwa m'mahotela, m'maofesi ndi m'nyumba za kutsidya kwa nyanja, ndipo zimakhala zaka zambiri iye atamwalira. Cimene zinena za iye, anthu a kutali ndi adzukulu a m'tsogolo adzaciyesa coona.

MMISIRI AMASANKHA

Makina ojambulira, monga aja ali m'mafoni masiku ano, amatenga zonse ziri patsogolo pace, zabwino ndi zoipa zomwe. Mmisiri wa burashi sangathe kutero. Pa msika pali anthu zikwi, koma nsaru yace ndi yaing'ono, ndipo ayenera kusankha amene alowe ndi amene atsale kunja. Asankha wokhala pakati ndi wokhala m'mbali, wooneka wamkuru ndi wooneka wamng'ono, wopatsidwa nkhope ndi wooneka msana wokha. Cifukwa cace cithunzi ciri conse ca utoto cimanena za anthu awiri, wojambulidwa ndi wojambula. Kawirikawiri cimanenanso za munthu wacitatu, ndiye wogula, pakuti mmisiri nayenso adya nsima ndipo alipira lendi.

Munthu akayenda m'malo ogulitsira zithunzi m'dziko la Zambia ndi m'maiko oyandikana nalo, adzapeza kuti pali akazi atatu amene abwerabwera pa nsaru. Woyamba ndi mkazi wa mtsuko, waciwiri ndi mkazi wa ku mowa, wacitatu ndi mkazi wa malonda.

MKAZI WA MTSUKO

Uyu aliyense amdziwa. Apezeka ku Kabwata mu Lusaka kumene amisiri agulitsa zosema, apezeka ku Livingstone pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndi m'mbali mwa miseu imene alendo apitamo. Ndi wamtali, woonda ngati bango, wa khosi lalitali, mtsuko pa mutu, mwana ku msana. Kumbuyo kwace dzuwa liri kulowa, lofiira ngati moto, ndipo pambali pali mtengo wa mlambe kapena kanyumba ka udzu. Nthawi zambiri ayenda ndi anzace awiri, onse ofanana msinkhu ndi mayendedwe. Nkhope alibe. Mmisiri anangopaka utoto wakuda pamene payenera kukhala maso ndi pakamwa.

Cithunzi cotere cimakoma m'maso, ndipo palibe cifukwa conyozera mwini wace. Iye adziwa kuti mlendo wocokera ku Ulaya ali ndi masiku owerengeka, afuna kanthu kopepuka kokulunga m'cikwama, ndipo afuna kupeza Afirika yemwe uja anali kumganizira asanakwere ndeke. Mmisiri akhoza kutsiriza zingapo zotere pa tsiku limodzi, ana ace nagona atadya. Ndiponso kutunga madzi ndi nchito yoona, imene akazi ambiri a ku midzi ndi a m'makomboni aicita mpaka lero.

Koma akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mkazi amene atunga madzi ku Kanyama mu Lusaka kapena ku Chipulukusu ku Ndola sasenza mtsuko wa dothi. Asenza cigubu ca pulasitiki ca malita 20, cimene cikadzaza cilemera makilogalamu 20, ndipo ayamba waima pa mzere pa mpope kudikira nthawi yace. Khosi limamuwawa, msana umampweteka, ndipo m'mutu mwace muli masamu a ndarama za ufa. Mkazi wa pa nsaru uja salema, sacita thukuta, sakalamba, alibe dzina, alibe mudzi. Angakhale wa caka ca 1920, angakhale wa 2020. Mlendo akapacika cithunzico kwao, ana ace adzakula ali kuganiza kuti mkazi wa ku Afirika ndi mthunzi wokongola wopita ku citsime, wosawerenga ndarama, wosakwera basi, wosalankhula pa msonkhano. Ndipo munthu wopanda pakamwa, ndani angamfunse maganizo ace?

MMENE AKAZI ANALOWERA M'TAUNI

Kuti munthu amvetse za mkazi waciwiri, ayenera kukumbukira mbiri ya migodi. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kuturutsa mkuwa m'caka ca 1931, ndipo ya Nkana, Mufulira ndi Nchanga inatsatira m'zaka zomwezo za m'ma 1930. Eni migodi analola amuna okwatira kubwera ndi akazi ao m'komboni. Anatero pofuna kukopa anchito amene akadapita ku migodi ya ku Katanga, ndiponso anaona kuti mwamuna wophikiridwa ndi mkazi wace akhalitsa pa nchito ndipo sadwaladwala. Ici cinasiyana ndi migodi ya golidi ya ku Johannesburg, kumene akuru anali kuchula kuti ku Joni, pakuti kumeneko amuna anali kugona okhaokha m'makomboni opanda mabanja.

Koma Boma la Atsamunda ndi mafumu ambiri a ku midzi sanakondwere poona akazi ali kukhamukira ku tauni. Anaopa kuti minda idzagonera, ndi kuti anyamata sadzabweranso kwao ngati akazi apezeka komweko. Motero anaika malamulo akuti mkazi asacoke ku mudzi wopanda cilolezo, ndipo m'njira za malole munali malo oimitsira anthu ndi kufunsa makalata. Mkazi wopezeka m'komboni wopanda kalata ya ukwati, ija anthu anali kuicha mucato, akanatha kubwezedwa ku mudzi. Nchito ya malipiro inali yosowa kwa akazi. Ngakhale ya m'nyumba za Azungu, kuphika ndi kucapa, inali m'manja mwa amuna. Cotsala cinali kulima kadimba, kugulitsa ndiwo ndi kufulula mowa. Koma kufulula m'tauni kunali koletsedwa, pakuti phindu la mowa linali la nyumba za mowa za makhansolo ndi za migodi, ndipo apolisi anali kutaya mowa wa amai ndi kuwalipiritsa.

Kuyambira masiku amenewo kunakhazikika maganizo akuti mkazi woyenda yekha m'tauni ndi wokaikitsa, kuti mkazi wabwino ali ku mudzi kapena m'nyumba, ndipo wa pa mseu ali kufuna kanthu kena. Malamulo aja anatha, dziko linalandira ufulu m'caka ca 1964, koma maganizo safa msanga monga malamulo. Anatsala m'nthabwala za pa mowa, ndipo analowanso m'zithunzi.

MKAZI WA KU MOWA

Akuru amene anali kulowa m'mabawa a ku migodi ndi a mu Lusaka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 adzakumbukira cithunzi ca Mamba Muntu pa khoma. Anali mkazi woyera khungu, wa tsitsi lalitali, kumtunda munthu kunsi nsomba, njoka itamzinga, wochi pa mkono, cipeso ndi kalirole pafupi. Amisiri ambiri omjambula anacokera ku Congo, ndipo ku Lubumbashi, Likasi ndi Kolwezi anchito anali kugula cithunzici ndi kucipacika m'zipinda zao zocezera. Nthano yace inali yakuti mwamuna amene atola cipeso cace adzalemera modzidzimutsa, koma akaulula cinsinsi kapena kuswa pangano, cuma cidzatha ndipo iye adzaona tsoka. Zina za maonekedwe ace, makamaka njoka ija, zinacokera ku cithunzi ca mkazi woseweretsa njoka cimene cinasindikizidwa ku Hamburg m'dziko la Germany m'zaka za m'ma 1880. Cinasindikizidwanso ku Bombay ku India m'zaka za m'ma 1950, ndipo amalonda anacifalitsa m'Afirika.

Mamba Muntu sanayendepo pa mseu wa ku Kitwe, koma aonetsa poyera cimene cinali m'mitima ya amuna a nchito. Tauni ndi yokoma ndiponso yoopsa, ndarama ibwera msanga nicokanso msanga, ndipo zonsezi anazibveka nkhope ya mkazi. Mwamuna amene malipiro ace anathera ku bawa anapeza womuloza cala.

Ku Kinshasa kunabuka amisiri awiri ochuka amene anaturutsa mkazi wa ku mowa m'madzi namkhazika pa mpando weniweni. Woyamba ndi Moke, amene anabadwa mu 1950 namwalira mu 2001. Iye anajambula mabawa a usiku, oimba, magalimoto odzaza ndi makamu a m'miseu. Akazi a m'zithunzi zace ndi ojinca, obvala nsaru zowala, ali kuseka ndi kubvina, mabotolo pa tebulo. Atenga malo akuru pa nsaru ndipo saoneka amanyazi kapena opepesa. Moke sawaweruza, angoti onani mmene Kinshasa akhalira usiku.

Waciwiri ndi Chéri Samba, wobadwa mu 1956, amene anayamba ndi kulemba zikwangwani za masitolo, ndipo mbiri yace inamveka m'maiko ambiri citapita cionetsero cacikuru ca ku Paris ca mu 1989. Iye amalemba mau a Cilingala ndi Cifalansa pa nsaru pomwepo, kuti wopenya acedwe ndi kuwerenga. Nkhani zace ndi za ziphuphu, za matenda a Edzi, za ciwerewere ndi cinyengo ca m'mabanja. Adzudzula amuna ndi akazi omwe, ndipo nthawi zina adziseka yekha. Komabe wopenya wanzeru, akaima patsogolo pa cithunzi ciri conse ca cenjezo, ca mmisiri ali yense, acita bwino kudzifunsa kuti ndani waikidwa monga msampha, ndipo ndani waikidwa monga wokodwa wosalakwa.

Pali mkazi wina m'nyumba ya mowa amene zithunzi zimamuiwala kawirikawiri. Iye sanabwere kudzasangalala. Ndiye wogulitsa, wotsuka matambula, wopirira cipongwe ca oledzera, wowerenga ndarama pakati pa usiku, amene m'mawa adzagula yunifomu ya mwana wa sukulu. Iye ali pafupi ndi mkazi wacitatu koposa ndi Mamba Muntu.

MKAZI WA MALONDA

Mmodzi wa amisiri oyamba kupenya mkazi wa m'komboni ndi maso a ulemu anali Gerard Sekoto wa ku South Africa, amene anabadwa mu 1913 namwalira mu 1993. Anali mphunzitsi, koma anasiya coko napita kukakhala ku Sophiatown, pafupi ndi Johannesburg, m'caka ca 1938. Kumeneko anajambula miseu monga momwe inaliri, amai oceza m'mbali mwa njira, ocapa, osenza mitolo, ndi ana osewera. Mu 1940 nyumba ya zithunzi ya mzinda wa Johannesburg inagula cithunzi cace ca nyumba zacikasu za ku Sophiatown, ndipo cinali coyamba ca munthu wakuda kugulidwa ndi nyumbayo. Cina cochuka ndi Sixpence a Door. M'menemo muli gule wobvinidwa kuseri kwa mpanda wa nsaru, ndipo wolowa ayenera kulipira sikisi, ndarama ija akuru aikumbukira ndi dzina la susu. Sekoto sanaike mtima pa obvina. Anajambula iwo otsala kunja, amai ndi ana opanda susu, ali kusuzumira. Anasankha kuima pamodzi ndi osauka, kunja kwa mpanda. Iye anapita ku Paris mu 1947 ndipo sanabwerenso kwao. Mu 1955 Boma la tsankho linayamba kugwetsa Sophiatown ndi kusamutsa anthu ace. Nyumba zinagwa, koma amai aja akali ciimire pa nsaru.

M'dziko la Zambia dzina lalikuru ndi la Henry Tayali. Anabadwira ku Serenje mu 1943, anakulira ku Bulawayo, anaphunzira ku Makerere ku Uganda ndi ku Düsseldorf ku Germany, namwalira mu 1987. Anakonda kujambula makamu a anthu wamba othinana, pa nchito ndi pa mowa, ndipo sanakongoletse umphawi wao. Pambuyo pace panadza Godfrey Setti, mphunzitsi wa pa koleji ya Evelyn Hone amene anamwalira mu 2002, wodziwika ndi zithunzi za misika ndi za anthu a paulendo m'tauni. Mulenga Chafilwa nayenso adziwika ndi makamu a m'miseu ya Lusaka. Ndipo Cynthia Zukas, wobadwira ku Cape Town mu 1931, amene anadzakhala m'dziko muno, anajambula amai pa nchito zao za tsiku ndi tsiku.

Kodi cithunzi cabwino ca pa msika cidziwika ndi ciani? Coyamba ndi manja. Mkazi wa mtsuko uja manja ace angolendewera, koma wa malonda manja ace ali pa nchito: ali kuunjika matimati anai anai, ali kupima kapenta ndi kambale, ali kumasula mfundo ya pa ngodya ya citenje pamene pabisala ndarama. Caciwiri ndi maso. Iye sapenya pansi monga wamanyazi, ndipo sapenya wojambula monga wofuna kutamandidwa. Apenya wogula, nayesa m'mtima ngati uyu ndi woyenera kumuikira mbasela kuti abwerenso mawa. Cacitatu ndi malo ace pa nsaru. Iye ali pakati, wakhala pa mpando wace monga mfumu pa bwalo, ndipo mwamuna wa suti ndi tayi, amene ku ofesi aopedwa, pano waima m'mbali ali kupempha kuti amcotsereko mtengo.

Mmisiri amene aona zimenezi waona coonadi ca tauni. Mai wa pa msika ndi munthu wa masamu. Adziwa mtengo wa bokosi la matimati pa lole m'bandakuca, adziwa angati adzaphwanyika, adziwa za msonkho wa pa msika, ndipo adziwa tsiku limene cilimba ca gulu lace cidzagwera iye. Pamene migodi inagulitsidwa kwa eni atsopano, kuyambira mu 1997 mpaka mu 2000, amuna ambiri anacotsedwa nchito, ndipo ku Luanshya ndi m'matauni ena mabanja ambiri anakhalira moyo pa kantemba ndi beseni la amai. Akumvera a ku migodi safuna wowauza zimenezi, pakuti anaziona ndi maso ao.

Koma ngakhale mkazi wa malonda angathe kutaya nkhope yace. Zithunzi za misika zikondedwa ndi mabanki ndi mahotela cifukwa ca mitundu yowala ya zitenje ndi zipatso. Mmisiri wofulumira akhoza kudzaza nsaru ndi zofiira, zacikasu ndi zobiriwira, anthu nasanduka maluwa. M'msika wotere mulibe matope a m'dzinja, mulibe nchenche, mulibe ndiwo zofota zosagulidwa dzuwa litapendeka, mulibe mai wothawa ndi beseni pamene ogulitsa a pa mseu ali kupitikitsidwa. Onse angomwetulira. Cithunzi cotere ndi mlongo wace wa ca mtsuko cija, cangosintha zobvala.

AKAZI AKAGWIRA BURASHI

Ambiri mwa amisiri amene achulidwa ndi amuna, ndipo wina angaganize kuti kujambula ndi nchito ya amuna. Mbiri ikana. Ku midzi amene azira nyumba ndi kulemba maluwa pa makoma ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda ndi akazi. M'mapiri a Chongoni pafupi ndi Dedza ku Malawi muli malo 127 a zithunzi za pa miyala, amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wace wa cuma ca dziko lonse mu 2006, ndipo zina mwa zithunzizo ndi za cinamwali ca Acewa, zophunzitsira atsikana. Kwa Abemba, banacimbusa aumba mbusa ndi dothi ndi kulemba zizindikiro pa khoma pa nthawi ya cisungu. Akazi anali kujambula kale burashi ya ku sitolo isanabwere.

Mkazi akajambula mkazi mnzace, kawirikawiri aonetsa zimene mwamuna sanazione, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Helen Sebidi wa ku South Africa, wobadwa mu 1943, anaphunzira kukongoletsa makoma kwa agogo ace ku mudzi, ndipo anagwira nchito ya m'nyumba za Azungu ku Johannesburg asanakhale mmisiri wochuka. M'zithunzi zace anthu athinana kotero kuti palibe popumira, ndipo nkhope zina zagawika pakati, mbali ina ya utoto wina, inanso ya wina. Wopenya amva mmene mtima wa mkazi ukokedwera uku ndi uku, ku mudzi ndi ku tauni, kwa ana ace ndi kwa ana a bwana. M'dziko la Zambia, Agnes Buya Yombwe, amene pamodzi ndi amuna ace a Lawrence Yombwe anakhazikitsa nyumba ya zithunzi ya Wayi Wayi ku Livingstone, atenga zizindikiro za mbusa nazigwiritsa nchito pokamba za ukwati, za nkhanza za m'banja ndi za zinthu zimene mwambo uletsa kuzichula poyera.

AKAZI AMENE AKALI KUDIKIRA

M'caka ca 1960, pamene Iain Macleod, nduna ya ku Britain yoyang'anira maiko a Atsamunda, anafika ku Lusaka, mai Julia Chikamoneka ndi anzao anamcingamira atabvula ku mtunda, kusonyeza mkwiyo wa amai pa ulamuliro wa Azungu. Cifanizo ca Ufulu cimene cinaimikidwa mu Lusaka mu 1974 ndi ca mwamuna wodula unyolo, ndipo ndi coyenera ulemu. Koma unyolo uja amai anaukoka nao, ndipo anaukokera pa mseu pomwepo pamene anthu anali kunena kuti mkazi wabwino sayenera kuimapo.

Kwa zaka zambiri lamulo linaletsa akazi kugwira nchito pansi pa mgodi. Lero ku migodi ya ku Solwezi kuli akazi oyendetsa zimalole zonyamula miyala ya mkuwa. Mu 2015 mai Inonge Wina anakhala mkazi woyamba kukhala waciwiri kwa Mtsogoleri wa dziko la Zambia. M'miseu muli apolisi acikazi oimitsa magalimoto, anamwino opita ku nchito ya usiku, asungwana okhala m'tinyumba totumizira ndarama pa foni, amai ogulitsa salaula, ndi agogo ophwanya miyala m'mbali mwa mseu ndi nyundo. Onsewa ali poyera tsiku ndi tsiku, koma m'malo ogulitsira zithunzi saoneka kawirikawiri monga aonekera mkazi wa mtsuko.

MAFUNSO A WOPENYA

Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu safunika kupita ku koleji kuti awerenge cithunzi. Afunika kuima nthawi, ndi kufunsa mafunso ocepa. Kodi mkazi uyu ali ndi nkhope yaceyace, imene mwana wace angaizindikire? Kodi m'manja mwace muli ciani? Kodi maso ace apenya kuti? Kodi mmisiri anaima pati pomjambula, pafupi monga mnansi, kapena patali monga mlendo wa m'galimoto? Kodi anakulitsa ciwalo citi ca thupi lace, manja ogwira nchito, kapena ziwalo zokondweretsa maso a amuna? Ndipo funso lotsiriza ndi ili: mai wojambulidwayo akadzaima patsogolo pa nsaruyo, kodi adzati ndine ameneyu, kapena adzafunda citenje kumaso?

Malo oonera zithunzi alipo. Mu Lusaka muli nyumba ya zithunzi yochedwa ndi dzina la Henry Tayali ku Showgrounds, muli nyumba yosungira mbiri ya dziko, ndipo muli nyumba ya bungwe la Lechwe Trust imene inatsegulidwa mu 2018. Bungweli linayamba mu 1986, ndipo cimodzi ca zolinga zace ndico kugula nchito za amisiri a m'dziko kuti zisathere kunja. Makolo angathe kupita ndi ana ao kumeneko pa tsiku lopuma, ndipo mwana wamkazi amene akonda kulembalemba pa pepala asamlande pensulo.

Pali cinthu cinanso cimene ciri m'manja mwa munthu wa nchito. Mmisiri ajambula cimene cigulidwa. Masiku onse amene wogula ali mlendo yekha, mkazi wa mtsuko adzapitirira kuyenda ku citsime cace. Koma munthu wa pa mgodi amene agula wailesi ya kanema ndi mipando ya m'cipinda cocezera angathenso kuitana mmisiri wa m'komboni mwace ndi kumuuza kuti, Pita pa msika, ukajambule amai anga pa tebulo pao, monga momwe aliri, ndi zipsera za m'manja zomwe.

M'mwezi wa July 2017 moto unatentha msika wa City Market mu Lusaka, ndipo katundu wa amalonda ambiri anapsa tsiku limodzi. Kumayambiriro kwa 2018, pa nthawi ya mliri wa kolera, ogulitsa a m'miseu ya mzindawo anacotsedwa, ndipo malo amene anali odzaza ndi mabeseni anakhala mbee. Misika imapsa, imasamutsidwa, imamangidwanso mwa mtundu wina, monga momwe Sophiatown anathera. Mwana amene anaphunzira ndi ndarama za matimati akadzafuna kuonetsa ana ace kumene sukulu yace inacokera, adzafuna cithunzi cokhala ndi nkhope ya amai ace.